Dzina ndi lake inde, koma kumbuyo kwake kuli anthu angati?

Wang'oma wa ku Chilomoni:
Abale anga ndakhala chete nthawi yaitali pano koma lero ndiloleni nditulutse zakukhosi. Ine ndimamenya ng'oma mu bandi, zaka 9 tsopano ndili kumbuyo kwa oimba osiyanasiyana, ena nyimbo zawo zili m'mafoni mwanumo. Dzina sinditchula, osati mantha ayi, koma sindikufuna nkhaniyi isanduke ya munthu mmodzi pomwe matendawa ali ponseponse.

Mwezi wathawu tinali ndi shoo kunyanja Loweruka. Tinayeserera masiku anayi, transipoti yotuluka mthumba mwanga, minibasi ziwiri popita ziwiri pobwera. Lachisanu usiku ife a bandi tinanyamuka pa kosita ndi masipika ndi zida zonse, ine ng'oma zanga nditazikulunga m'mabulangete poti zikwama zake zinang'ambika kalekale. Tinafika mbandakucha, kumanga siteji padzuwa lakunyanja lija, cha m'ma 3 saundi yonse ili bwino. 6 koloko anthu ayamba kulowa. 9 koloko bwana sanafike. 11 koloko foni yawo yazima. Nde tinayamba kuimba tokha nyimbo za anthu ena kuti mwina mitima itsike, mtsikana amene amaimba kumbuyo, mwana wazaka 22, ndi amene anakaima kutsogolo kwa anthu oledzera okwiya, mabotolo akuuluka, limodzi linadzamenya mbale yachitsulo ija ya pang'oma mpaka inang'aluka.

Mmawa wake tikuona pa Facebook akulu aja ali ku Lilongwe kuphwando la bwana wina, akumwetulira bwinobwino. K60,000 yomwe tinagwirizana mpaka lero ndikungomva "ndikuonani madolo, zinthu sizinayende". Landilodi wanga samva chilankhulo chimenecho. Nde ndikufunsa, munthu akatchuka, ali ndi ngongole kwa ndani? Kapena ife amene timadyera pa dzina lake tizingothokoza kuti anatilola kuima pafupi naye?

Amake Tamanda:
Pepani achimwene, zandikhudza chifukwa ine zinandionekerapo. Ine sindili mu bandi, ndimakazinga tchipisi ndi nkhuku pa mashoo. Woimba sandidziwa ngakhale dzina, koma positala yake ikangotuluka ine ndimapita ku banki mkhonde kukatenga ngongole. Ulendo wina ndinagula nkhuku 15, mbatata thumba, mafuta ophikira malita 10, kulipira malo oikapo chiwaya, munthu osabwera. Anthu anabalalika 10 koloko isanakwane. Magetsi kunyumba kunalibe, nkhuku zina ndinagulitsa motchipa mmawa zina zinaonongeka, ngongole ija ndinabweza miyezi itatu ndi chiongoladzanja chake. Sindikuti andilipire ayi, ine sanandilembe ntchito. Koma akadangonena Lachinayi kuti sabwera, bwenzi nkhukuzo ndisanazinge.

Rasta wa Area 25:
Ine ndilankhula zosiyana pang'ono musandigende. Woimba si boma aise. Luso ndi lake, anavutika yekha pomwe palibe amene ankamudziwa, ankayenda wapansi kupita ku situdiyo inu muli kuti? Lero watchuka aliyense akufuna adye nawo. Za K60,000 zo akupatseni, imeneyo ndi ngongole basi. Koma kuti aliyense wogulitsa chinangwa panja pa geti akhale udindo wake, ayi zimenezo nde tamuwonjezera katundu.

Wang'oma wa ku Chilomoni:
Rasta, "anavutika yekha" yo ndi imene ndikukana. Nyimbo yomwe inamutchukitsa munthu ameneyu ng'oma zake ndinamenya ndine mu situdiyo, anandipatsa ya transipoti ndi fanta. Wa gitala ndi amene anapeka kachidutswa kaja koyambirira kamene anthu amangoti kakalira onse kukuwa. Pachikuto palibe dzina lathu. Mutu umodzi susenza denga, koma denga likakwera pachithunzi pamaoneka mutu umodzi.

Amake Tamanda:
A Rasta ndanena kale kuti sindikufuna ndalama yake. Ndikufuna mawu ake akhale mawu. Basi.

Promota wamng'ono, Zomba:
Ine ndimakonza mashoo ang'onoang'ono, ndiloleni ndikuuzeni mmene ndalama imayendera chifukwa anthu amaona ngati promota ndi amene amadya. Woimba wotchuka asanakwere galimoto amafuna theka la ndalama yake. Kenako pali holo kapena bwalo, jenereta ndi mafuta ake poti magetsi sungawadalire, apolisi ndi mabaunsa, chilolezo, a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, nawonso amafuna yawo ya laisensi, mapositala, kulengeza pa wailesi. Zonsezi umalipira munthu mmodzi asanagule tiketi. Woimba akapanda kubwera amene amathamangitsidwa ndi anthu ndi ine, iye ali kutali foni yazima. Ndinagulitsapo firiji ya kunyumba kuti ndibweze ndalama za anthu.

Koma chilungamo chake, nafenso mapromota tili ndi tchimo. Alipo anzathu amene amaika nkhope ya woimba pa positala asanamulipire olo tambala, akuyembekeza kuti za pageti ndi zomwe akamupatse, geti ikavuta amathawira kukhomo lakumbuyo. Nde oimba ena anaphunzira nkhanza chifukwa nawonso anapwetekedwapo. Sindikuikira kumbuyo bwana wanu a Chilomoni, zimene anachitazo ndi zoipa, ndikungoti unyolo wake ndi wautali.

Nachisale:
Ine ndilankhulako mbali ya ife mafani. Chaka chatha ndinasunga ndalama miyezi iwiri kuti ndikaone woimba amene ndimamukonda kuyambira ndili ku sekondale. Tiketi, transipoti, malo ogona. Positala inati 8 koloko, anakwera pa siteji 2 koloko ya usiku, anaimba nyimbo zinayi pamwamba pa CD, mawu akewo osamveka, kenako "ndimakukondani nonse" nkutsika. Ndinalira ndithu, osati chifukwa cha ndalama yokha, koma ndinaona kuti munthu amene nyimbo zake zinandilimbitsa mtima mayi anga atamwalira sationa ngati anthu. Tiketi si mphatso. Ndikagula ndiye kuti tapangana.

Mphunzitsi wa ku Dowa:
Pamenepo achemwali mwalasa. Ndipo malamulo alipo kungoti sitiwagwiritsa ntchito. Wogula tiketi ndi kasitomala ngati wina aliyense, Consumer Protection Act ya 2003 ilipo, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula. Kumbali ya a bandi, Employment Act ya 2000 imati wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake ndi malipiro. Vuto ndi loti oimba ambiri amati a bandi si antchito awo, ndi aganyu a tsiku limodzi, pomwe munthu wakhala nawo zaka zisanu ndipo akakaimbira wina amamukwiyira ngati wawaba. Ngati ndi waganyu musiyeni aziimba kulikonse. Ngati ndi wanu mulipireni pamwezi. Simungakhale nazo zonse ziwiri.

A Chilomoni, ngakhale meseji ya pa WhatsApp yonena kuti tagwirizana K60,000 ndi umboni, musaifufute. Ndipo kodi munalembetsa ku COSOMA? Chifukwa ndalama zimene amagawa zija, kuphatikizapo za levi ya pa mafoni ndi zida zosungira nyimbo, zimapita kwa amene analembetsa ndipo dzina lawo lili pa nyimboyo.

Wang'oma wa ku Chilomoni:
Aphunzitsi meseji ilipo. Za COSOMA zo ndi zomwe zimandiwawa kwambiri, bwana akamakalembetsa nyimbo amalemba dzina lake lokha, ife timangomva kuti alandira. Ndipo kunena zoona ukangotchula za pepala amakuyang'ana ngati wamutukwana, "iwe sukundikhulupirira? si ndife abale?" Ubale wake umathera pa geti ndalama zikamawerengedwa.

Mjoni wa ku Randburg:
Ine kuno ndimagwira ntchito yonyamula ndi kumanga masiteji, nde nkhaniyi ndi yanganso. Kunja kuno zonse ziwiri zilipo. Taylor Swift mu 2023 anapatsa madalaivala a mathiraki onyamula katundu wa mashoo ake bonasi ya madola 100,000 aliyense, madalaivala, anthu amene palibe fani amawadziwa nkhope. Wina anena kuti ali nazo zambiri, zoona, koma olemera onse amatero? Mbali inayi kumbukirani Koffi Olomide mu July 2016, kamera inamujambula pa bwalo la ndege ku Nairobi akumenya theche mmodzi mwa atsikana ake ovina, dziko la Kenya linamuthamangitsa shoo osachitika. Chimene chinandikhudza ine nchoti mtsikana ngati ameneyo alibe kolowera, pasipoti, ulendo, chakudya, zonse zili m'manja mwa bwana. Akadandaula ntchito yatha. Mphamvu imeneyo ndi imene imabweretsa udindo, a Rasta. Munthu ukakhala kuti ukhoza kumuzimitsira mnzako moto wa kunyumba kwake ndi foni imodzi, sunganene kuti ulibe naye kanthu.

Rasta wa Area 25:
Za Koffi zo palibe angavomereze. Ine ndimakana zoti woimba akhale kapolo wa anthu basi.

Namaseko:
Apa nde ndigwirizana ndi a Rasta pang'ono, chifukwa ifenso mafani timapyola malire. Ine ndimagwira ntchito pa chipatala china, tsiku lina kunabwera woimba wodziwika ndi mwana wake akudwala kwambiri, munthu maso ali psuu sanagone, mwana ali pa diripi, koma anthu akumukoka malaya kuti tijambulitse. Mayi wina mpaka anakwiya nkumati "ndi wonyada, ife ndi amene tinamutchukitsa". Ndinamva chisoni. Kugula nyimbo yake sikugula moyo wake. Banja lake likavuta timafuna atifotokozere, akanenepa timunyoze, akaonda timupezere matenda, ku inibokosi kwake kwadzaza anthu opempha fizi ndi ndalama ya maliro ndipo akapanda kuyankha tikuti ndi woipa mtima. Zimenezo alibe nafe ngongole. Ngongole yake kwa ine ndi yoti ndikalipira abwere, pa nthawi yake, ali bwinobwino osaledzera, aimbe ndi mtima wonse, ndipo ndibwerere kunyumba wamoyo.

Mjoni wa ku Randburg:
"Wamoyo" yo musaitenge mopepuka. November 2021 ku Houston pa shoo ya Travis Scott anthu 10 anafa chifukwa chopanikizana, wamng'ono kwambiri anali mwana wazaka 9. Ife omanga siteji timadziwa kuti amene ali ndi maiki ndi amene gulu limamumvera kuposa baunsa aliyense. Akati imani kaye, bwererani m'mbuyo, anthu amamva. Kwathuko ndimaona holo ya anthu ochepa atadzazamo kawiri, khomo lotulukira limodzi lokha, linalo atakhoma ndi loko kuti anthu asalowe ulere. Woimba wamkulu ali ndi mphamvu yonena kuti sindikwera pa siteji mpaka mutsegule khomo ilo. Wang'oma sanganene zimenezo.

Madala a ku Balaka:
Ana anga, ine ndakalamba ndaona magulu ambiri akubadwa ndi kufa, ndiloleni ndiikepo mawu. Kuno ku Balaka tinaona Alleluya Band ya a Paul Banda ikulera achinyamata, ndipo mng'ono wawo Lucius atakhazikitsa Zembani anthu ambiri anadutsa m'manja mwake nkudzakhala oimba paokha. Soldier, Lucius yemweyo, anatisiya pa 30 June 2024 ku South Africa, ndipo pamaliro paja amene ankalira sanali achibale okha, munali oimba, ovina, onyamula zida, anthu amene ana awo anapita kusukulu chifukwa cha dzina limenelo. Tsiku limenelo ndinadzifunsa kuti kodi mtengo waukulu ukagwa mbalame zimapita kuti.

Taonaninso ku Chileka. Evison Matafale anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi, anthu ankati Black Missionaries yathera pomwepo. Musamude Fumulani anainyamula, nayenso anapita mu 2007, Anjiru nkupitiriza, mpaka lero akuimba ndipo chaka ndi chaka amakumbukira anzawo ndi shoo ya ulere konko ku Chileka. Chinawapulumutsa nchiyani? Gululo linali gulu, nyimbo zinali m'manja mwa anthu ambiri, sanali munthu mmodzi ndi aganyu ake. Woimba wanzeru amamanga anthu ake kuti tsiku limene iye kulibe asagone ndi njala. Ine kwa ine udindo waukulu ndi umenewo, kuposa kugawa ndalama pa kamera.

Nachisale:
Madala mwandikumbutsa za agogo a Giddes Chalamanda. Munthu anaimba moyo wake wonse, dziko lonse likumudziwa, koma anafika zaka 90 ali wosauka ku Chiradzulu mpaka Patience Namadingo anadzaimba nawo mu 2020 nkuyamba kuwathandiza, kenako nyimbo ija inazungulira dziko lapansi pa TikTok. Nde ifenso tizidzifunsa, tinavina nyimbo zawo zaka zonsezo, tinawalipira chiyani? Ngongole ili mbali zonse.

Woimba wakale, Mzuzu:
Ndakhala ndikuwerenga ndikuzengereza kulemba, chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo. Sindinali wamkulu kwambiri koma nyimbo zanga ziwiri zinavuta pa wailesi nthawi ina. Anthu sadziwa kuti kutchuka kuno kwathu nthawi zambiri kulibe ndalama. Nyimbo yako ili paliponse, anyamata oika nyimbo m'mamemore akudyerapo, iwe ulibe ya sopo. Koma sungakwere minibasi poti anthu aseka, nde umabwereka galimoto, umabwereka zovala, kumudzi akuti mwana wathu walemera maliro aliwonse bokosi ndi lako. Ndalama ya shoo ikabwera imapeza mabowo khumi akuidikira, ndipo amene umamudula ndi amene sangakuchititse manyazi pagulu, wa bandi.

Ndikunena izi chifukwa ndinachitapo. Wa gitala wanga, munthu wofatsa, ndinamuzembera ndalama za mashoo atatu mu 2020 Covid itangoyamba, boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 ndipo mashoo onse ataima. Ndinkadziuza kuti nanenso ndavutika. Ndinadzamva kuti anagulitsa gitala yake, yomwe anagula ndi ndalama za fodya wa bambo ake, kuti alipire lendi. Pano amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Ndinadzamupatsa ndalama ija patapita zaka ziwiri, analandira mwaulemu, koma kwacha inali itagwa kale sikanagulanso gitala ngati ija, ndipo zala zake zinali zitazolowera zina. Munthu ameneyo ankaimba kuposa ine. Ndikamuona pa siteji ya njinga mtima umandipweteka mpaka lero.

Amake Tamanda:
Bambo inu mwachita bwino kunena. Ambiri sangavomere.

Promota wamng'ono, Zomba:
Za kugwa kwa kwacha zo ndi zoona, November 2023 inagwa ndi 44 peresenti, oimba onse anakweza mitengo yawo tsiku lomwelo ndipo ndi pomveka. Koma funsani a bandi ngati yawo inakwera. Ine pano ndinayamba kufunsa woimba kuti a bandi mukuwapatsa zingati, ndipo ndimafuna ndiwapatse ndekha m'manja saundi cheki ikangotha. Ena amakana amati ukundilowerera. Amene wakana ndimadziwiratu kuti pali nkhani.

Mphunzitsi wa ku Dowa:
Pali china chimene sitinachikhudze, ndale ndi zotsatsa malonda. Woimba akavala nsalu ya chipani ndi ufulu wake, koma envelopu amalandira yekha pomwe bandi yonse imadetsedwa nayo, chipani chikagwa mashoo amasowa kwa onse. Bwanji osawafunsa kaye anzakowo? Chimodzimodzi kutsatsa za kubetcha. Ana anga a Fomu 3 amamvera woimba kuposa ine, akamuona akuti betchani muwine amakatenga ndalama ya mayeso. Iye walandira yake, savutika nazo.

Rasta wa Area 25:
Aphunzitsi pa za kubetcha ndagonja, mphwanga anathera momwemo. Koma ndikufunsabe, a Chilomoni, zaka 9 zonsezi bwanji simunachoke? Nanunso mumakonda kuoneka pa siteji yaikulu.

Wang'oma wa ku Chilomoni:
Funso labwino Rasta ndipo ndiyankha mosabisa. Ndimakonda ng'oma. Pamene bezi ndi ine tagwirana bwino, anthu 2,000 akudumpha pa kugunda kwa phazi langa, palibe chimene chimafanana nazo. Mabwanawa amadziwa zimenezo, amadziwa kuti tibwera olo asatilipire, ndipo ukakana pali mnyamata wa kutchalitchi amene abwera ndi K10,000 yokha kuti ajambulitse ndi selebu.

Ife a ng'oma tili ndi munthu wathu amene timamutchula, Tony Allen wa ku Nigeria. Ndi amene ankamenya ng'oma kwa Fela Kuti, ndipo Fela yemwe ankavomereza kuti popanda iyeyo Afrobeat sikanakhalapo. Koma atakaimba ku Berlin mu 1978 gulu lija linasweka, nkhani yake ya malipiro, Allen nkuchoka. Tangoganizani, Fela amene ankaimba zomenyera anthu osauka, anyamata ake omwe akudandaula za ndalama. Nde si nkhani ya kuno kokha kapena ya oimba oipa mtima okha. Munthu akhoza kukonda "anthu" onse ali pa maiki nkuiwala munthu mmodzi amene wakhala kumbuyo kwake mamita awiri.

Ine sindikufuna galimoto yake, sindikufuna andimangire nyumba. Ndikufuna yomwe tinapangana, pa tsiku lomwe tinapangana. Dzina langa pa nyimbo yomwe ndinaimba. Akasintha maganizo andiuze ndisanakwere kosita. Ndipo mtsikana uja akamupepese pamaso, chifukwa mabotolo aja anali ake a bwanawo.

Namaseko:
Mtsikanayo ali bwanji pano?

Wang'oma wa ku Chilomoni:
Anasiya. Mayi ake anamuletsa ataona bala pa mkono, wabwerera ku kwaya ya kutchalitchi kwawo. Mawu ngati amene aja sitiwapezanso msanga.

Ndipo poti mwafunsa, manijala wandiimbira madzulo ano, akuti kuli shoo ina Loweruka likubwerali, ndibwere ku prakatisi mawa, za ngongole ija "tikambirana komweko". Ndamuuza kuti atumize kaye K60,000 ija pa Mpamba, ndi theka la ya Loweruka, ndipo alembe pa meseji. Wati andiyankha. Wa bezi ndi wa kiyibodi ndawauza, wa bezi wati ali nane, wa kiyibodi mkazi wake ndi woyembekezera mwezi uno nde wati iye apita basi, ndipo sindikumuda.

Woimba wakale, Mzuzu:
Achimwene, mbale yachitsulo inang'aluka ija ndi saizi yanji? Ndili nayo imodzi ya 16 inchi yangokhala m'nyumba kuyambira nthawi ija. Ndikhoza kuitumiza pa basi Lachinayi.

Wang'oma wa ku Chilomoni:
Ndi yomweyo akulu. Ndikulemberani kumbali.

Amake Tamanda:
A Chilomoni mundiuzeko Lachisanu ngati ndalama ija yalowa. Ikalowa ndikagula nkhuku 10, ikapanda kulowa ndigula zitatu zokha.